Masiku 21, Gawo 6: Pepala la m'Thumba mwa a Kapitawo



Ndikudziwa kuti sabata yonseyi mwakhala mukutsutsana za pepala lija. Tinasiya a Kapitawo ataima pa sikelo, dzanja lili pa thumba la jekete, maso ali kutali, amayi akuwapatsa moni iwo osayankha. Ena mwa inu mwalumbira kuti ndi mndandanda wa anthu ochotsedwa ntchito, poti mvula inali kumapeto ndipo masamba anali atayamba kuchepa. Ena akuti ndi kalata ya chikondi yochokera kwa Anesi. A inu! Munthu wa zidzukulu, mkulu wa mpingo?

Nonse mwaphonya.

Lero pepalalo tilitsegula, ndalonjeza. Koma mundilole tiyambe tabwerera Lachiwiri usiku, chifukwa mukapanda kumva zomwe wailesi inanena, simungamvetse chomwe chinkawotcha m'thumba muja.

Panali pa 14 Epulo 2020. Kuyambira ku Bvumbwe, kudutsa pa Thunga, mpaka kutsikira ku Makwasa ndi Thekerani, aliyense wokhala ndi wailesi anamva uthenga umodzi. Pulezidenti Peter Mutharika ndi nduna yake ya zaumoyo, Jappie Mhango, analengeza m'bindikiro wa masiku 21, kuyambira pakati pa usiku wa Loweruka pa 18 Epulo mpaka pa 9 Meyi. Masukulu anali atatsekedwa kale kuyambira pa 23 Malichi. Anthu atatu oyamba kupezeka ndi kolona analengezedwa pa 2 Epulo ku Lilongwe, ndipo pofika usiku umenewu chiwerengero cha odwala m'dziko lonse chinali chisanakwane 20.

Koma pa mizere ya nyumba za antchito pa esiteti yathu ija, imene tinapangana kuti dzina lake sititchula, palibe amene ankawerenga odwala.

Ankawerenga ufa.

Inu a m'tauni mundimvetse bwino apa. Wothyola tiyi sadya malipiro okhala pa kalendala. Amadya makilogalamu. M'mawa amalowa m'munda mame ali thoo, dengu kumsana, kuthyola timasamba tiwiri ndi kansonga, kenako kupita nawo ku sikelo kuti kalaliki alembe. Akapitirira mlingo wa tsikulo, pamakhala kangachepe kowonjezera. Masambawo nawo sadikira munthu: akathyoledwa ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, ndipo akasiyidwa pamtengo amakhwima, mtengo wake ku okushoni ya ku Limbe n'kugwa. Ndiye munthu wotereyu umuuze kuti akhale m'nyumba masabata atatu. Ambiri mwa iwo anali aganyu a nyengo ya mvula, oti kontalakiti yawo inali kale pafupi kutha. Kodi tithyola kapena sitithyola? Tikapanda kuthyola, sikelo ilemba chiyani? Msika wa pa Luchenza ukhalapo? Mafunso ankayenda khomo ndi khomo, mayankho ayi.

Lachitatu m'mawa pa sikelo panali msonkhano wosaitanitsa.

Kalaliki wathu uja mukumudziwa, mnyamata wa cholembera kukhutu, yemwe nyuzipepala amaiwerenga mpaka tsamba la maliro. Ndiye anayatsa moto.

"Amayi, tsegulani maso. Khoti linafafaniza chisankho pa 3 Febuluwale. Chatsopano akuti pa 2 Julaye. Lero akuti tonse tilowe m'nyumba. Simukuona? Akuthawa voti!"

"Iwe, samala pakamwa," anatero mayi wina akutula dengu. "Adadi a Mutharika kwawo ndi pa Goliati pompa. Angatiphe ndi njala ife abale awo?"

"Nanga Nyumba ya Malamulo anaifunsa? Nduna yangolemba malamulo payokha, basi ufulu wa kuyenda wapita, ufulu wogwira ntchito wapita. Malamulo aakulu a dziko a 1994 salola zimenezo popanda ndondomeko yake."

"Ndondomeko ya chiyani? Ku Italy anthu akufa osaikidwa ndi abale. Ukufuna zifike kuno?"

Pa Thyolo kunena zoipa za chipani cha DPP nthawi imeneyo kunkafuna chiwindi, ndipo kalaliki anali yekha. MCP ndi UTM zinali zitangogwirizana kumene mwezi wa Malichi, DPP nayo itagwirana manja ndi UDF, moti chilichonse, ngakhale sopo wosambira m'manja, chinkaoneka cha chipani. Phokoso linakula mpaka woyendetsa thalakitala anazimitsa injini kuti amve bwino.

Amene anathetsa mkanganowo ndi Mayi athu a pa mzere wachitatu, aja sakonda kulankhula aja.

"Ine voti yanga ndinapereka, ndipo ndidzaperekanso kumene ndikufuna. Matendawo ndikuwaopa. Koma wina andiuze: Lamlungu m'mawa ana ndiwaphikira chiyani?"

Zii.

Ndipo a Kapitawo, amene ndi mlongo wawo weniweni wa Mayiwa, bere limodzi, anayang'ana pansi n'kugwiranso thumba lija.

Tsopano tiyeni ku kiliniki, chifukwa kumeneko ndi kumene kunali munthu wodziwa gwero la zonsezi. Anesi anali atakhala pa benchi panja, odwala atachepa, akucheza ndi Madala aja anapuma ntchito ya ulonda, amene anabwera kudzatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Anesi mtima unali m'mwamba. Anzawo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anali atayamba kukhala pansi osagwira ntchito, kudandaula kuti alibe zovala zodzitetezera. Iwo pa kiliniki ya esiteti anali ndi bokosi la magolovesi ndi ndowa ya madzi pakhomo.

"Mwanangu, mphamvu yotsekera dziko lonse nduna yaitenga kuti?" anafunsa Madala.

"M'lamulo la zaumoyo, agogo. Limati kukagwa mliri woopsa, nduna ingathe kulemba malamulo oletsa kuyenda, opatula odwala, ndi zina zotero."

"Lamulo la Kamuzu?"

"Ayi. La 1948."

Madala anavula chipewa, n'kuchivalanso.

"Bwerezanso."

"La 1948, agogo. Public Health Act. Linalembedwa ku Zomba, dziko lino likadali Nyasaland."

Apa ndiime pang'ono, chifukwa nkhani yathu yonse yagona pa chaka chimenechi. Mu 1948, chaka chimene bwanamkubwa Geoffrey Colby anayamba kulamulira, m'bungwe lopanga malamulo ku Zomba munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi. Oyamba analowamo mu 1949, ndipo anachita kusankhidwa ndi bwanamkubwa, osati ndi mavoti. Nthawi imeneyo kuno ku Cholo, monga ankalembera azungu, makolo a anthu a pa mizerewa anali pa thangata: kugwira ntchito m'munda wa mwini esiteti kuti aloledwe kukhala pa nthaka. Lamulo lolembedwa m'masiku otero linkadziwa bwino zomwe boma lingachite kwa munthu wodwala. Kumutenga, kumupatula, kumutsekera njira. Za chomwe boma liyenera kuchitira banja limene lalitsekera khomo, olembawo sanavutike nazo mutu, poti panalibe wowafunsa.

Ndipo lamulo limenelo linapulumuka ufulu wa 1964, linapulumuka zaka 30 za Kamuzu Banda, linapulumuka referendamu ya 1993. Bakili Muluzi analipeza n'kulisiya. Bingu wa Mutharika, mwana wa pa Thyolo pompano, analipeza n'kulisiya. Joyce Banda chimodzimodzi. Bungwe lounika malamulo la Law Commission linali litayamba kale ntchito yoliunikanso, aliyense akuvomereza kuti lakalamba, koma kolona anafika lisanalowedwe m'malo.

Madala, amene njala ya 1949 anaiona ali kamnyamata, anali ndi kafotokozedwe kawo.

"Lamulo limenelo lili ngati tiyi wakale uja wa kumtunda kwa damu. Aliyense akudziwa kuti anatopa. Koma ukamuzula n'kubzala watsopano, udikira zaka usanathyole kanthu. Ndiye manijala aliyense amangomudulira pamwamba, n'kusiyira wobwera pambuyo pake. Andale nawonso safuna kubzala choti adzathyole wina."

"Koma zimatheka, agogo," anatero Anesi. "Mukukumbuka lamulo la Edzi?"

Ambiri a inu mwaiwala, choncho ndikukumbutseni. Mu 2017 aphungu anapatsidwa bilu ya HIV ndi Edzi imene inali ndi ndime zokakamiza anthu ena kuyezedwa magazi, kuphatikizapo amayi oyembekezera ndi antchito a m'nyumba, komanso zopereka chilango kwa munthu wopatsira mnzake kachilombo. Taganizirani mtsikana wochapa ndi kusita kunyumba kwa manijala pa esiteti: bwenzi ntchito yake itapachikika pa kapepala ka kuchipatala. Amayi omwe ali ndi kachilomboka, pamodzi ndi mabungwe awo, anapita okha kukakumana ndi aphungu n'kuwauza kuti mukatero anthu athawa chipatala. Aphungu anamva. Kumapeto kwa Novembala chaka chomwecho lamulolo linadutsa ndime zimenezo zitachotsedwa. Ndipo Thyolo ankadziwa kale kuti amayiwo akunena zoona. Boma lino, kumene madokotala a bungwe la MSF anagwira ntchito ndi chipatala cha boma kuyambira mu 1997, ndi limodzi mwa malo amene anaonetsa dziko kuti anthu amabwera okha kudzayezetsa akadziwa kuti kutsogoloko kuli mankhwala, osati unyolo.

"Munthu ukamuopseza amabisala," anatero Anesi, mawu atatsika. "Ndipo pa mizere pathu pano alipo amene wabisala."

Madala sanafunse kuti ndani. Mlonda, ngakhale wopuma, amadziwa khomo limene nyali yake imazima mochedwa.

Inunso mukudziwa. Gawo lachinayi lija munamuona akutsika pa thiraki usiku, chikwama chimodzi kumsana, atadutsa Beitbridge, Tete ndi Mwanza m'njira zimene sitinafotokoze. Mnyamata wa ku Joni, mwana woyamba wa Mayi a pa mzere wachitatu. South Africa itatseka zonse kumapeto kwa Malichi, ganyu yake inatha, lendi inamukanika, ndipo anasankha kukavutikira kwawo. Kuyambira tsiku lofikalo sanatuluke masana. Koma khoma la nyumba za pa mzere ndi limodzi, ndipo chifuwa sichidziwa chinsinsi.

Usiku ankatsokomola.

Lachitatu lomwelo, mdima utagwa, a Kapitawo anagogoda pakhomo la mlongo wawo. Sanalowe. Anaima pakhonde, akulankhula chapansipansi.

"Chemwali, mwanayu apite akamuone."

"Akamutenga, achimwene, abwera naye liti? Ndipo ine andilola kulowa m'munda? Mzere wonse authamangitsa pa sikelo. Anthu andiyang'ana bwanji?"

"Nanga akakhala kuti ndi matendawo? Muno muli makanda. Muli agogo."

"Mwina ndi fumbi la m'njira. Mwina ndi TB, ija ili ndi mankhwala ija."

"Ndiye tidziwa bwanji osamuyeza?"

"Inu ndinu malume ake. Mwinimbumba ndinu. Mukufuna mumupereke ndi dzanja lanu?"

Kuchokera m'kati munamveka mawu ofooka: "Malume, ndipita ndekha. Ingondipatsani masiku awiri."

A Kapitawo sanayankhe. Anatembenuka n'kumapita, ndipo apa ndi pomwe ndikukwaniritsa lonjezo langa.

Pepala lija sanalandire kwa munthu.

Analemba okha.

Inali kalata yopita kwa alangizi a zaumoyo, yolembedwa ndi pensulo pa tsamba long'ambidwa m'buku la makilogalamu, yonena kuti pa mzere wachitatu pali mnyamata wochokera ku Johannesburg amene akutsokomola. Pansi pake panali dzina lawo ndi udindo wawo. Anailemba Lolemba. Anayenda nayo Lachiwiri, anagona nayo Lachitatu. Kawiri konse anafika pafupi ndi kiliniki n'kubwerera. Chibale ndi fupa, sichiola. Koma a Kapitawo ankadziwanso kuti m'mawa uliwonse amaimika anthu ambirimbiri pa mzere umodzi wa sikelo, phewa ndi phewa.

Musawaweruze msanga, ndipo musaweruzenso Mayiwo. Ine ndikuti mnyamatayo ankayenera kuonedwa ndi achipatala tsiku lomwe anafika, ndipo a Kapitawo sanalakwe kulemba. Koma ndikutinso mantha a Mayi sanali a umbuli. Anali mantha a munthu amene wawerenga bwino dziko lake: akudziwa kuti galimoto yodzatenga wodwala ipezeka, koma thumba la ufa la otsala palibe amene walitchula. Lamulo labwino likanachititsa kuti kalata imeneyo ikhale yopepuka kunyamula. La 1948 linaichititsa kulemera kuposa dengu lodzaza.

Lachinayi mphekesera zinachita kusefukira. Akuti asilikali afika kale pa boma. Akuti fakitale ipitiriza koma othyola okha ndiwo aima. Ayi, akuti othyola apitiriza koma azigona m'munda. Wina anabwera ndi nkhani yoti aliyense wochokera ku Joni akumutengera kumalo osadziwika. Chokhacho chimene chinali choona ndi chimene kalaliki anabwera nacho madzulo, atathawa ntchito theka la tsiku n'kukwera minibasi ya ku Limbe: mavenda ku Blantyre ndi ku Mzuzu anali mumsewu, kukana m'bindikiro wopanda chakudya, ndipo bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC, lotsogozedwa ndi Gift Trapence, linali likupita kukhoti.

Anafotokoza zonsezi ataima m'kashedi ka sikelo, pomwe a Kapitawo anali atakoleka jekete lawo pa msomali chifukwa cha kutentha.

Sungani zimenezo. Jekete, msomali, kalaliki.

Lachisanu pa 17 Epulo kunacha ndi chiperoni. Anthu anathyola mwa liwiro limene a Kapitawo anali asanalionepo, aliyense akufuna makilogalamu omaliza. Ku golosale mchere unatha. Amene anali ndi kangachepe anathamangira ku chigayo. Pa sikelo ankalemba ndi mnyamata wina wa ku ofesi, ndipo atafunsidwa kuti kalaliki ali kuti, anangoti sanabwere.

Palibe amene analabadira. Mitima inali ku Lilongwe.

Nkhani inafika chakumadzulo, kudzera pa foni ya woyendetsa thalakitala. Woweruza Kenyatta Nyirenda wa khoti lalikulu ku Lilongwe wapereka chiletso. M'bindikiro waimitsidwa kwa masiku asanu ndi awiri, kudikira kuti nkhaniyo imvedwe bwino. Odandaulawo anali atauza khoti kuti boma silinakonze njira yothandizira anthu osauka pa masiku amenewo.

Nthungululu!

Amayi aja ankateteza Adadi Lachitatu ndi omwe anayamba kuvina, madengu ali kumsana. Sanasinthe chipani, ayi. Anangomva kuti funso la Mayi a pa mzere wachitatu, loti ana adya chiyani, lafunsidwa m'chipinda chimene nduna iyenera kuyankha. Madala anatuluka ndi ndodo yawo n'kuima pakati pa msewu akuseka. Ngakhale a Kapitawo nkhope inamasuka koyamba sabata imeneyo.

Anesi okha ndi amene sanavine. Anawakokera a Kapitawo pambali.

"Bambo, musasangalale mopitirira. Jaji waimitsa m'bindikiro. Sanafafanize lamulo la 1948, ndipo sanafafanize matenda. Mphamvu yotenga wodwala ikadalipo. Kolonayo nayenso chiletso sachidziwa."

"Ndiye lamulolo adzalichotsa ndani?"

"Aphungu okha. Ndipo pano onse maso ali pa chisankho."

Zimene makhoti ananena pambuyo pake za malamulo a nduna aja, ndi zomwe boma linalonjeza masiku otsatira, tidzafika. Musandithamangitse. Usiku wa Lachisanu sunathe.

A Kapitawo anaganiza zochita. Popeza mantha a m'bindikiro achepa, apita kwa mlongo wawo, akang'ambe kalata ija pamaso pake, ndipo m'mawa atengane ndi muphwa wawo kupita kwa Anesi mwaulemu, ndi miyendo yawo, popanda galimoto ya boma. Anafika pakhonde. Mayi anatuluka ndi koloboyi. A Kapitawo analowetsa dzanja m'thumba la jekete.

Analowetsanso m'thumba linalo.

Anavula jekete, kulikutumula, kulitembenuza.

"Achimwene, mukufuna chiyani?"

"Chemwali... kodi dzulo jeketeli analigwira ndani?"

Asanayankhidwe, agalu a pa mzere woyamba anayamba kuuwa. Kumunsi, mumsewu wofiira uja umakhota pakati pa minda ya tiyi, kunaoneka magetsi awiri akukwera pang'onopang'ono. Sinali thalakitala. Sinali galimoto ya manijala, poti imeneyo ana onse amaidziwa kulira kwake. Inali yoyera, yaitali, ya nambala ya boma.

Ovina aja anabalalika. Zitseko zinatsekedwa motsatizana. Mayi anaika koloboyi pansi n'kuima pakhomo, manja atatambasula kugwira mafelemu onse awiri, ndipo anayang'ana mlongo wawo ndi maso amene sindikufuna kuwafotokoza.

"Mwatipereka."

"Ndikulumbira, sindinaipereke!"

Galimoto inalowa pa mzere wachitatu. Inafika pa nyumba yoyamba, yachiwiri. Inachepetsa liwiro. Magetsi ake anawalira Mayi kumaso, anawalira a Kapitawo ali ndi jekete m'manja.

Ndipo inadutsa.

Eee, inadutsa! Inapitirira mpaka kumapeto kwenikweni kwa mzere, n'kuima pa kanyumba kamene tsiku lonselo chitseko chake sichinatsegulidwe. Munatsika anthu awiri ovala zophimba kukamwa. Wachitatu anatsika chakumbuyo, ndipo ameneyo a Kapitawo anamuzindikira ndi kayendedwe, mpaka mawondo awo anagwedera.

Mmodzi anagogoda.

"Odi! Kalaliki ali muno?"

M'katimo munthu anatsokomola. Koma aliyense pa mzerewo amene anamva anadziwa nthawi yomweyo kuti chifuwa chimenecho si cha kalaliki.

Nanga ndi cha ndani? Wachitatu uja ndani? Ndipo n'chifukwa chiyani Mayi, atathamangira kuchipinda kukadzutsa mwana wawo, anatuluka akukuwa?

Ayi, musandigwire malaya. Tionana sabata yamawa, ndipo mubwere msanga.